Mabatani a Juzi Yobiriwira

1. Nyumba ya zithunzi

Aliyense mumzindamo ankawadziwa a Chimvula. Dzina lawo lenileni linatsala pa ziphaso pokha. Anthu anawapatsa dzina latsopanoli chifukwa akalira pa siteji, holo yonse inkalira nawo, mpaka osesa m'mawa mwake ankaseka kuti m'katimo munagwa mvula.

Anayamba zisudzo ali mnyamata, m'holo ya sukulu, atavala jekete la aphunzitsi lomwe manja ake ankalendewera mpaka m'mawondo. Kuchoka apo analowa gulu lalikulu la zisudzo, kenako wailesi, kenako mafilimu. Anakhalapo woweruza, wakuba, dokotala, wamisala, ndiponso bambo wa ana ambirimbiri amene sanawabereke. Ana a sukulu ankaloweza mawu awo. Madalaivala a basi ankawaimira ngakhale pakati pa msewu.

Pabalaza pawo khoma silinkaoneka. Panali zithunzi zokhazokha, ndipo pa shelefu panali zikho zimene zinali zitayamba kugwira fumbi.

Pa zaka zonsezo panali chinthu chimodzi chimene sichinasinthe. A Chimvula akamapita kukasewera, akazi awo ankaima nawo pakhomo n'kuwamangira mabatani a jekete, kuyambira m'munsi mpaka m'khosi. Akamaliza ankawasisita paphewa n'kunena kuti, "Pitani mukawalize."

Anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana amene anali atangomaliza sukulu. Amayi ake anamutcha Kamphepo, chifukwa akamatuluka sankatseka chitseko, ankangochisiya chikudzimenya chokha.

Amayiwo anamwalira nyengo yozizira itangoyamba. Pamaliro panabwera anthu ambiri, ena kudzalira, ena kudzaona mmene a Chimvula alirire. Koma a Chimvula anangokhala pampando, manja pa mawondo, m'maso muli gwa.

"Amalirira akazi a m'filimu, wawowawo ayi," anthu ankanong'onezana.

Kuyambira tsiku limenelo sanatulukenso kunja kwa geti. Mlongo wawo, azakhali ake a Kamphepo, anabwera kudzakhala nawo. M'nyumbamo munkangomveka wotchi ndi ketulo.

2. Chimene chinali m'sutikesi

Kamphepo nayenso anali ngati mwendo umene wachita dzanzi. Ankadya osamva kukoma. Anzake akamuseketsa, ankaseka mochedwa. Panali malo amodzi okha amene ankamupwetekabe, ndipo malowo anali m'sutikesi pansi pa bedi lake.

Mmenemo munali juzi yobiriwira ya amayi ake.

M'mawa womaliza kuchipatala, amayi anati akumva kuzizira. Manja awo anali atafooka, choncho Kamphepo ndiye anawaveka juziyo. Anamanga mabatani mothamanga monga mwa nthawi zonse, n'kulumpha bowo limodzi. Juzi inapendekeka, kolala ina m'mwamba, ina m'munsi. Amayi anadziyang'ana pachifuwa n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Kamphepo iwe, ukuthamangira kuti? Wa pa ulendo ndine, koma sindikufulumira."

Atati akonze, amayi anamugwira dzanja.

"Isiye choncho. Ndizidziwa kuti wandiveka ndiwe."

Juziyo inabwerera kunyumba mabatani ali chimangire, pakuti anamwino anaivulira kumutu. Kamphepo sanauze munthu aliyense nkhaniyi. Dzanzi likamuchulukira, ankatseka chitseko, n'kutsegula sutikesi, n'kukhudza bowo lopanda batani lija. Misozi inkabwera yokha, ndipo kuseka kwa amayi ake kunkamveka ngati ali m'chipinda momwemo.

Koma Kamphepo analinso ndi maloto. Ankafuna nkhope yake pa chikwangwani chachikulu cha pa mphambano, tsitsi likuuluka, dzina lake litalembedwa ndi zilembo zofiira. Choncho atamva pa wailesi kuti kampani ina ya mafilimu ikufuna mtsikana woti asewere ngati mwana amene amayi ake akudwala kwambiri, sanafune kumva zina.

3. Njira ziwiri

Kamphepo ananena nkhaniyi m'mawa pa tebulo, akumwa tiyi ali chiimire.

"Akufuna ukachite chiyani kumeneko?" anafunsa a Chimvula.

"Akuti aliyense akalire pamaso pa kamera. Basi."

A Chimvula anaika kapu pansi. Kanali koyamba kuti alankhule mawu ambiri chichitikire maliro.

"Khala pansi, mwanangu. Kulira kwa pa siteji kuli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi yaitali. Umaphunzira kupuma. Umaphunzira kumvetsera mnzako amene ukusewera naye, osati kungodikira kuti amalize. Umamulola munthu wa m'seweroyo akulowe pang'onopang'ono, ndi mavuto ake, ndi nsapato zake zothina. Ukamalira, umalirira iyeyo, ndipo katani ikatsekedwa umamusiya konko ngati chovala chobwereka. Njira imeneyi imatenga zaka.

"Yachiwiri ndi yachidule. Umatenga chisoni chakochako n'kuchifinya ngati ndimu. Imagwira tsiku lomwelo. Otsogolera mafilimu amaikonda chifukwa iwo nthawi zonse dzuwa limawathawa. Akaona kuti misozi ikukana, adzakuyandikira mwaulemu n'kukufunsa kuti, 'Unatayapo ndani?' Usakawayankhe. Chisoni chili ngati sopo, mwanangu. Ukamasambira pamaso pa anthu tsiku ndi tsiku, chimaperepeseka. Tsiku limene udzachifune iwe mwini, udzapeza katsala kachidutswa kosachita thovu. Dikira chaka chimodzi. Ndikuphunzitsa yaitaliyo ndekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Chaka!" anatero Kamphepo. "Bambo, pofika chaka ndidzakhala nditakalamba."

"Tamumvani gogoyu," anatero azakhali akupukuta mbale. "Ndikugulire ndodo pobwera kumsika?"

Kamphepo sanaseke. Anatenga chikwama chake.

"Inu mundiphunzitse kulira? Inuyo, Bambo? Mzinda wonse unakuonani pamaliro a amayi."

A Chimvula anayang'ana m'kapu mwawo. Kamphepo anatuluka. Chitseko chinadzimenya chokha.

Azakhali anamupeza pa geti, nsalu yopukutira mbale ili paphewa.

"Ima pomwepo, mwana wa achimwene. Wayankhula ngati munthu wodziwa, ndiye umve zimene sudziwa. Ife tinabadwa atatu. Panali mng'ono wawo wa bambo ako, kamnyamata ka mpata wa mano. Kankaimba mluzu paliponse, kusukulu, kubafa, ngakhale m'tchalitchi mpaka kukokedwa khutu. Kanamwalira ndi malungo, bambo ako atakabereka kumsana pa njira ya kuchipatala. Bambo ako atalowa zisudzo anapeza kuti akaima kuseri kwa katani n'kuimba mluzu uja chapansipansi, misozi imatuluka ngati mpopi. Zikho zonse zili pa shelefuzo zinabwera ndi mluzu umenewo. Anthu ankaomba m'manja, ife tinkanyadira, palibe anaona vuto.

"Tsiku lina, iwe uli wakhanda, anabwera kwanga nkhope ili mbuu. Akuti, 'Mlongo wanga, mluzu uja unkamveka bwanji? Ndikati ndikumbukire, ndikungomva wangawanga, ndi anthu akuomba m'manja.' Mng'ono wawo anali atatha, mwanawe. Atathera pa siteji. Njira yaitaliyo anaiphunzira mochedwa, chitsime chitauma kale. Iwe ukuganiza kuti pamaliro a mayi ako sankafuna kulira? Usiku wonse ankadzitsina pantchafu. Pita kumene ukupitako, sindikuletsa. Koma chimene uli nacho cha mayi ako, kaya n'chiyani, usakachiike pa tebulo la anthu."

"Ndamva, Azakhali. Basi indisiya."

"Kuthamanga sikufika!" anakuwa azakhali. Koma Kamphepo anali atakhota kale pa kona.

4. Mtanda wa pansi

Malo oyeserawo anali chipinda chapamwamba pa shopu yogulitsa matayala. Masitepe onse anadzaza atsikana, ena akuloweza mawu, ena akudziyang'ana pa foni. Amene anali kumbuyo kwa Kamphepo anatsegula kampango n'kumuonetsa chidutswa cha anyezi.

"Ukafuna ndikubenthulira," ananong'ona. "Ine kwathu onse ali moyo, ndilirira ndani?"

M'chipindamo mawindo anali atatchingidwa ndi nsalu zakuda. Munkanunkha mphira ndi thukuta. Magetsi awiri aakulu ankawotcha ngati mbaula, ndipo pansi panali mtanda wa tepi yoyera. Wotsogolera filimuyo anakhala pampando pafupi ndi kamera. Aliyense ankamutchula a Chipewa, chifukwa palibe amene anaonapo pamutu pawo.

"Ima pa mtandapo," anatero osadzutsa mutu. Kenako anamuyang'ana bwinobwino. "Nkhope iyi ndikuidziwa. Si iwe mwana wa a Chimvula?"

"Ndine."

"Eee! Anyamata, konzani maambulera. Mwana wa mvula sangakhale chilala. Amayi ako ali pa bedi apo, dokotala wapukusa mutu. Tiye nazo."

Kamphepo anayang'ana pamene panayenera kukhala bedi. Panali bokosi la zingwe za magetsi. Anakwinya nkhope. Anapuma mwamphamvu monga ankaonera m'mafilimu. Anaphethira. M'maso munali gwa.

Wojambula anatsokomola. Wina kumbuyo anaseka pang'ono.

"Basi, zikomo," anatero a Chipewa. "Wotsatira alowe."

Kamphepo sanasunthe pa mtandapo. Chikwangwani cha pa mphambano chija, cha zilembo zofiira, chinali chikuzimiririka iye akuona.

A Chipewa anadzuka n'kumuyandikira. Anatsitsa mawu, mwaulemu ndithu.

"Tandiuza, chemwali. Unatayapo ndani?"

Funsolo linabwera ndendende monga mmene bambo ake ananenera. Chitseko chinali chotsegula, ndipo mtsikana wa anyezi uja anali atasuzumira kale.

"Amayi anga," anatero Kamphepo.

"Pepa kwambiri. Tsiku lomaliza unali nawo? Usandiuze ine. Uza kamerayo."

Ndipo Kamphepo anauza kamera. Ananena za kuzizira, za juzi yobiriwira, za bowo limene analumpha, za kuseka kwa amayi ake. Atafika pa mawu akuti, "Ndizidziwa kuti wandiveka ndiwe," mawu anamuthera. Misozi inatsika mpaka m'khosi. M'chipinda monse munangoti zii. Wojambula uja anapukuta m'maso ndi chala.

"Zimenezo!" anatero a Chipewa. "Koma getsi lakumanzere linakudetsa nkhope. Bwerezanso."

Anabwereza. Zinapwetekabe, koma pang'ono.

"Kamera iyandikire. Bwerezanso."

Anabwereza.

"Pamene amayi akuseka, usafulumire. Dikira kaye, msozi uyambe watsika, kenako mawu. Bwerezanso."

Anabwereza. Tsopano ankadziwa pamene ayenera kumeza mate, ndi pamene ayenera kugwetsa mutu.

"Mawu omalizawo atalika," anatero a Chipewa akukanda pansi pa chipewa. "Anthu sangawagwire. Tinene kuti, 'Isiye, mwanangu, yakhala bwino.' Tayesa choncho."

Kamphepo ananena choncho. Misozi inabwerabe, pa nthawi yake, ngati mpopi umene wina watsegula.

A Chipewa anaomba m'manja, ndipo onse anaomba nawo.

"Atsikana a pa masitepewo auzeni azipita. Tamupeza. Ndipo nkhani ya mabataniyi tiilowetsa mufilimu, ndi yabwino kuposa imene tinalemba. Juziyo ikadalipo?"

"Ilipo."

"Mawa ubwere nayo. Mayi amene asewere ngati amayi ako adzavale yomweyo. Zinthu zenizeni zimaoneka bwino pa kamera. Galimoto idzakutenga pakhomo."

5. Ubweya

Potsika masitepe atsikana ena anamugwira chanza, ena anatembenukira kukhoma. Wa anyezi uja anamukumbatira.

"Unagwiritsa ntchito chiyani, mnzanga? Wako ndi wamphamvu kuposa wanga!"

Kamphepo ankaganiza kuti tsiku ngati limeneli adzathamanga msewu wonse akukuwa. Anangoyenda. Anadutsa pa mphambano, n'kuyang'ana chikwangwani chachikulu chija. Panali chithunzi cha mafuta ophikira. Anakwera basi, n'kutsika, n'kutsegula geti.

Dzuwa linali litapendeka. Azakhali ankaanula zovala pa chingwe.

"Zayenda bwanji?"

"Anditenga."

Azakhali anamuyang'ana m'maso, mmene munali mofiira ndi motupa. Kenako anapitiriza kuchotsa zopanira.

Pabalaza a Chimvula anali pampando wawo pansi pa zithunzi. Anali atamva. Kamphepo anawadutsa mwakachetechete.

M'chipinda mwake anatseka chitseko n'kukoka sutikesi. Anatulutsa juzi, n'kuiyala pa mawondo, n'kuika chala pa bowo lija. Anadikira.

Chimene anaona ndi mtanda wa tepi yoyera.

Anatsinzina kuti amve kuseka kwa amayi ake. Anamva mawu a bambo wa chipewa akuti, "Bwerezanso." Anayesa kunena mawu omaliza aja chapansipansi, koma pakamwa pake panatuluka akuti, "Isiye, mwanangu, yakhala bwino." Anayesanso. Mawu enieniwo ankawadziwa, sanawaiwale, koma ankamveka ngati mawu oloweza, ndipo mutu wake unagwa wokha pamalo pamene a Chipewa anamuuza kuti uzigwa.

Ananunkhiza juziyo. Inkanunkha sutikesi.

Anaifinya pachifuwa. Unali ubweya wobiriwira, wothothoka pang'ono pa zigongono, wokhala ndi mabatani omangidwa molakwika.

Anakhala choncho mpaka azakhali anamuitana kukadya. Kenako anaipinda bwinobwino n'kuiika m'chikwama cha mawa.

6. Pakhomo

M'mawa Kamphepo anatuluka m'chipinda chikwama chili m'manja. Atafika pabalaza anaima.

Mpando wa bambo ake unali wopanda munthu. A Chimvula anali pakhomo, atameta ndevu, nsapato zitapolishidwa, atavala jekete lawo lakuda limene ankapita nalo kukasewera. Azakhali anali pa chitseko cha kukhitchini, ketulo ili m'manja, ataiwala kuiika pansi.

"Achimwene, mukupita kuti?"

"Ndikumuperekeza mwanayu ku ntchito."

Anatembenukira kwa Kamphepo.

"Unawayankha?"

"Ndinawayankha, Bambo."

"Anakubwerezetsa?"

"Eya."

"Ndipo dzulo madzulo unapeza chiyani?"

Kamphepo anayang'ana pansi. "Palibe."

A Chimvula anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakalipe.

"Madzi akatayika saoleka, mwanangu. Chimene wapereka wapereka, ndipo ine si woti ndingakuloze chala. Ntchito waipeza, uigwire, ndipo uigwire bwino, chifukwa anthu akudalira iwe. Koma kuyambira lero uziigwira ine ndili pambali. Akati ulire, uziyang'ana mayi amene ali pa bediyo, uzimvetsera mmene akupumira, uzilirira mwana wa m'filimuyo. Poyamba zizikana. Azikukalipira. Mwina adzanena kuti mwana wa mvula wasanduka chilala. Uzipirira. Amayi ako anakusiyira zambiri, si juzi yokha, koma zotsalazo uzisunge ngati mbewu. Mbewu sadyera njala ya tsiku limodzi."

Apa m'pamene Kamphepo anaona jekete lija bwinobwino. Linali litapendekeka, kolala ina m'mwamba, ina m'munsi. Munthu amene mzinda wonse unkamudziwa ndi kutchena anali atalumpha bowo limodzi.

"Bambo, mabatani."

A Chimvula anadziyang'ana pachifuwa. Anayesa kumasula limodzi, koma linakana.

"Sindinazolowere," anatero. "Ankandimangira ndi amayi ako."

Kamphepo anaika chikwama pansi. Anamasula mabatani onse, n'kuyambira m'munsi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake sanathamange. Batani lililonse ankaliyang'ana kaye, n'kupeza bowo lake, n'kulilowetsa. Atafika m'khosi anawongola kolala. Dzanja lake linapita lokha paphewa pa bambo ake n'kusisita.

Pamenepo china chake chinamulasa pachifuwa, chaching'ono, ngati mmene magazi amabwererera m'mwendo wa dzanzi. Anayang'ana m'mwamba. Maso a bambo ake sanatulutse misozi, koma chibwano chawo chinkagwedera, ndipo panalibe kamera, panalibe woomba m'manja.

A Chimvula anamugwira dzanja lija lisanachoke paphewa.

"Izi za m'mawa uno," ananong'ona, "wotsogolera uja akakufunsa, usakamuuze."

Kunja kwa geti galimoto inaliza hutala. Chitseko chake chinatseguka, ndipo mawu a a Chipewa anamveka mpaka m'nyumba.

"Chemwali, dzuwa likutithawa! Juzi ija usaiwale!"

A Chimvula anatsegula chitseko n'kuponda panja. Kamphepo anatsala pakhomo, akuyang'ana chikwama chimene chinali pansi pakati pa mapazi ake.